Ababa Anabadwa Kakhumi ndi Kawiri

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, abale anga anaona kuti ndikungokhala pakhonde n'kumawerenga njinga zodutsa, ndiye anandipezera chochita. Tinasonkhana kwathu ku Limbuli kudzamanga chiliza cha amayi, ndipo titatha kudya, achemwali anga aakulu, amene amasunga ababa, anandiloza ndi chikho chimene amamwera madzi.

"Aphunzitsi," anatero, poti ndi mmene amandiitanira akafuna kundituma, "inu ndi amene munapita patali ndi sukulu m'banja muno. Mulembe mbiri ya ababa adakali moyo. Adzukuluwa sadziwa n'komwe kuti agogo awo anachokera kuti."

Ndinavomera msanga, ndiponso monyada. Ndinali nditaphunzitsa Chichewa kupulaimale zaka zambiri, ndipo ana ankandidziwa ndi bolopeni yofiira. Mwana akaiwala mpumiro kumapeto kwa chiganizo, ndinkazunguliza malowo kawiri. Akafufuta mpaka pepala kuda, ndinkamuuza kuti ayambirenso chimangirizo chonse. Ndinkati kope la munthu ndi nkhope yake. Choncho mbiri ya ababa sinkandiopsa. Ndinalonjeza kuti ikhala itatha mvula isanagwe.

Ndinapita ku Boma kukagula kope lalikulu la chikuto cholimba, lija timati hadikava, ndi rula yatsopano. Nditafika kunyumba ku Thuchila, kumene ndinakwatira, ndinapukuta tebulo, ndinasamba m'manja, ndinajambula mzere wa m'mbali pa tsamba loyamba, kenako ndinalemba kuti: "Bambo anga anabadwira ku Mozambiki, kuseri kwa phiri."

Ndinachiyang'ana chiganizocho nthawi yaitali. Choyamba, ife sitinena kuti bambo, timati ababa. Chachiwiri, kuseri kwa phiri kumatengera pamene munthu waima. Wa ku Phalombe akawerenga adzaganiza kuti ndikunena kwathu konkuno. Chachitatu, chilembo choyambacho chinapendekeka pang'ono. Kufufuta sindikanatha, poti buku la ababa silingayambe ndi chipsera. Ndinang'amba tsambalo bwinobwino ndi rula n'kuliponya m'kadengu kamene kanali pansi pa tebulo.

Mawa lake ndinaganiza kuti vuto linali loti chiyambicho chinali chouma. Ndinaikamo mvula: ababa anabadwa mvula ikugwa, mitsinje itasefukira. Zinamveka bwino mpaka madzulo, pamene ndinakumbuka kuti palibe anandiuzapo za mvulayo. Sabata yotsatira ndinawabadwitsa dzuwa likuswa mtengo. Kenako ndinawabadwitsa tambala woyamba akulira. Tsamba lililonse linkakhala ndi mizere itatu kapena inayi ya zilembo zokongola, zoongoka ngati mizere ya tiyi, ndipo lililonse linkathera m'kadengu. Mvula inagwa, chimanga chinakula, tinakolola, koma ababa anali adakali khanda.

Akazi anga amakazinga zitumbuwa ndi mandasi, n'kumakagulitsa tsiku la msika. Sindinadabwe kuti kadengu kaja sikankadzaza. Ndinkati amasesa, monga amachitira ndi zinyalala zina.

Tsiku lina ndinakwera kabaza kuchokera kumsika. Woyendetsayo anali bambo wamsinkhu ndithu, amene ana ake awiri anadutsa m'kalasi mwanga. Titatsika kachitunda, njinga ikuyenda yokha, anatembenuka pang'ono.

"Aphunzitsi, pepani ndifunse nawo. Bambo anu aja anabadwa m'dzinja kapena m'chilimwe?"

"Mwafunsiranji?"

"Ayi, n'chifukwa cha zitumbuwa za amayi akunyumba kwanu. Ulendo wina pepala lokulungira linati anabadwa mvula ikugwa. Ulendo wotsatira linati dzuwa likuswa mtengo. Pasiteji pathu tatsutsana kwambiri. Mnzathu wina ali ndi pepala la tambala, ndipo akuti lakelo ndiye loona chifukwa lili ndi mizere yambiri."

Ndinagwiritsa chishalo.

"Zilembo zanu ndiye n'zokongola, aphunzitsi," anapitiriza mwaulemu. "Koma anzanga anati ndikakuonani ndifunse kuti madalawa akula liti. Tikufuna timve zimene anachita."

Ndinatsika tisanafike pakhomo, ndipo ndinayenda mtunda wotsalawo ndikukonza mawu oti ndikanene. Ndinapeza akazi anga akusenda nthochi.

"Mwandichititsa manyazi," ndinatero. "Zolemba zanga mukukulungira zitumbuwa?"

"Munazitaya," anayankha osakweza mutu. "Mapepala oyera, olimba, olembedwa kumtunda kokha. Mafuta salowa msanga. Ndikanawasiya?"

"Zinali zisanathe!"

"Ndikudziwa. Ndinkaziwerenga ndisanakulunge. Apongozi anga abadwa kakhumi ndi kawiri m'nyumba muno, koma sanayambe n'kukwawa komwe." Anaponya nthochi m'beseni. "Mumafuna owerenga, ndakupezerani. Ndipo akudandaula kuti nkhani sikuyenda."

Kuyambira tsiku limenelo, masamba ong'amba ndinkawatsekera m'sutikesi. Koma zinthu zinaipiraipira. Ndikangogwira bolopeni, ndinkaona anthu a kabaza atakhala pa njinga zawo akuwerenga mokweza, ndipo dzanja linkauma. Panapita masabata osalemba kalikonse, ngakhale kojambula mzere wa m'mbali.

Pano ndikhoza kunena zoona. Moyo wanga wonse ndinkachonga za ena. Zanga panalibe anazichongapo. Ndiponso ababa sadziwa kulemba. Anathyola tiyi kuesiteti, dengu lili kumsana, m'mame ndi m'chiperoni, kuti ine ndikhale pa desiki. Ndinkaona ngati ndikalemba chiganizo chimodzi chopunduka chokhudza iwo, ndiye kuti thukuta lawo lonse linapita pachabe. Koma zimenezi sindinauze munthu. Ofunsa ndinkawauza kuti ndikufufuza kaye.

M'nyengo yozizira ababa anadwala chifuwa, ndipo anagonekedwa kuchipatala masiku angapo. Atatuluka, achemwali anandiimbira foni.

"Aphunzitsi, buku lija lili pati?"

"Likuyenda."

"Lafika pati?"

"Ababa abadwa."

Ndinayang'ana foni kuti mwina yaduka.

"Mubwere mawa," anatero. "Ndipo kope lanu lokongola lija mulisiye konko."

Ndinakwera minibasi m'mawa, kudutsa pa Boma, minda ya tiyi ili mbali zonse. Ndinapeza ababa ali kuseri kwa nyumba pa mpando wa ndalema, akuothera dzuwa atavala jekete ndi chipewa cha ulusi. Anali ataonda, koma maso anali omwe aja. Achemwali anandipatsa kampando, kenako anandiponyera pamiyendo kope lakale la mdzukulu wawo, lopindika m'makona, theka lake lodzaza masamu olakwa. Anaonjezera bolopeni yotafunidwa kumapeto.

"Rula ilipo?" ndinafunsa.

"Palibe." Anakhala pamkeka ndi lichero la nandolo n'kuyamba kusenda. "Funsani."

Ndinakonza pakhosi. "Ababa, munabadwa nthawi yanji? Kunali mvula kapena dzuwa?"

Ababa anandiyang'ana ngati ndawafunsa mtengo wa ndege.

"Ndinalipo, koma sindinayang'ane," anatero. "Undifunse zimene ndinaona, iwe."

Ndipo sanadikire kuti ndifunse. Anayambira pakati penipeni, pa tsiku limene anawoloka malire. Anati bambo awo, amene ndi agogo anga, anamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya, thabwa la zibowo lija Apwitikizi ankalangira anthu, chifukwa thonje lawo silinakwane. Manja anatupa mpaka sankatha kugwira khasu. Agogo aakazi ndiwo anaganiza zothawa, koma panjira yopita kumtsinje wa Muloza pankakhala asipayi, apolisi a boma la uko, ndipo banja lonyamula mitolo linkabwezedwa. Ndiye anasiya zonse, mphika, mkeka, mtondo. Anavala ngati anthu opita kumaliro, anatenga mbuzi imodzi ngati chipepeso, nanyamuka masana poyera, agogo aakazi ali patsogolo akulira mokweza, ababa ndi kamlongo kawo ali pambuyo.

"Dikirani pang'ono, ababa," ndinatero. "Ndimalize chiganizochi."

"Chiganizo n'chiyani? Ine ndili ndi chifuwa, mpweya wobwereza ndilibe."

"Lembani basi, aphunzitsi," anatero achemwali.

Ndinalemba. Ababa ankathamanga, akusakaniza Chichewa ndi Chilomwe, ndipo ine ndinkawathamangira pambuyo. Mawu ena ndinkawadula pakati, ena ndinkawalumpha. Mbuzi ndinailemba "mbz". Mawu a Chilomwe ndinkangolemba mmene khutu lamvera. Mipumiro inatsala panjira. Pamene sipayi anaimitsa banjalo n'kufunsa kuti wamwalira ndani, agogo aamuna anasowa chonena, ndiye anatchula dzina la amalume awo, amene anali moyo, wathanzi, ndipo anali atawasiya akupalira chinangwa m'mawa womwewo. Agogo aakazi atamva dzinalo analira moonjeza, ndipo sipayi uja anavula chipewa, nati iyenso ankawadziwa malemuwo, anali munthu wabwino.

Apa ababa anaseka mpaka kutsokomola, achemwali anathamangira madzi, ndipo ine ndinapezerapo mpata wogwedeza dzanja limene linali litachita dzanzi.

"Pamtsinje mbuzi inakana madzi," anapitiriza atamwa. "Ndinainyamula ine pakhosi, madzi akundilekeza m'chifuwa. Ndinali kamnyamata, koma ndinali ndi mphamvu. Walemba zimenezo?"

"Ndalemba."

Dzuwa litapendeka, ndinali nditadzaza masamba khumi ndi limodzi. M'minibasi pobwerera ndinatsegula kopelo mobisa, kuti woyandikana nane asaone. Zinali zonyansa. Mizere inkakwera ndi kutsika, mivi inkaloza uku ndi uku, ndipo pena ndinali nditalemba pamwamba pa masamu a mwana. Mwana wa sitandade 3 akanandibweretsera zotere, ndikanaitanitsa makolo ake. Koma nditafika pa sipayi wovula chipewa, ndinaseka ndekha mokweza, ndipo mayi amene anali pambali panga anasuntha pang'ono ndi thumba lake la nanazi.

Ndinayamba kupita ku Limbuli sabata iliyonse. Tinagwirizana kuti ndikafika ndizidzayamba ndawawerengera zimene ndinalemba ulendo wapitawo. Ndinkachita manyazi kuwerenga zinthu zosakonza, koma ababa ndi pamene anapeza ntchito imene anaikonda kwambiri. Ankatseka maso, kumvetsera, kenako kukweza chala.

"Ima. Wati kapitawo wathu wa kuesiteti uja anali wankhanza?"

"Munatero inu."

"Ndinali nditakwiya tsiku limenelo. Sanali wankhanza, anali waulesi chabe. Ankagona pansi pa mtengo, ndiye akadzuka ankakalipa kuti aoneke ngati amagwira ntchito. Fufuta."

Mawu akuti "fufuta" anawakomera. Ankawanena ndi mphamvu, ngati woweruza. Ndinafufuta dzina la mtsinje, ndinafufuta mtundu wa njinga yawo yoyamba, ndinafufuta mtsikana wina amene anamufunsira asanakumane ndi amayi, kenako sabata yotsatira anati ndimubwezeretse koma ndichotse zoti anawakana. Nthawi zina cholakwa changa ndicho chinkawakumbutsa nkhani ina. Nditalemba kuti ankanyamuka kupita kuntchito atamwa tiyi, anakalipa kuti wothyola tiyi sankamwa tiyi, ankatafuna chinangwa chozizira panjira, ndipo kuchokera pamenepo anafotokoza za tsiku limene analawa tiyi wamkaka koyamba, kukhitchini kwa bwana wa esiteti, n'kuwotcha lilime chifukwa choopa kupezedwa. Ndikanalemba zolondola, nkhani imeneyo sindikanaimva.

Tsiku lina anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno. Pali pati pamene wati ndinalira amayi ako atapita kwawo?"

Ndinawalozera. Anagwira bolopeni ndi nkhonya yonse, ngati akugwira chikwanje, nakoka mzere wokhuthala mpaka pepala linabooka. Moyo wanga wonse ndinkawaona akudinda chala. Aka kanali koyamba kuwaona atagwira cholembera. Anayang'ana mzere wawowo mokhutira.

"Koma munalira, ababa," anatero achemwali. "Ine ndinalipo."

"Kulira ndinalira. Koma si zolemba."

Makope akale a mdzukulu atatha atatu, ndinaona kuti nthawi yakwana yokopera zonse bwinobwino. Ndinatulutsa hadikava ija, imene tsopano inali itaonda chifukwa chong'ambidwa, ndinapukuta tebulo, ndinajambula mzere wa m'mbali. Ndipo matenda aja anabwerera. Masiku atatu ndinakhala ndikuyang'ana tsamba loyera. Tsiku lachinayi akazi anga anaima kumbuyo kwanga, atanyamula beseni.

"Mwayambanso kubereketsa apongozi?"

"Buku liyenera kuyamba ndi kubadwa."

"Analamula ndani? Iwo eni ake anayamba ndi mbuzi. Yambani ndi mbuziyo." Anatenga rula patebulo n'kuiponya m'beseni mwawo. "Iyi ndikufuna ndizidulira mandasi."

Ndinayamba ndi mbuzi. Ndinadzilamula kuti ndisang'ambe tsamba ngakhale limodzi, ndipo ndikalakwitsa ndizingokoka mzere ngati ababa n'kupitirira. Sizinali zophweka. Mzere woyamba ndinaukoka nditatseka diso limodzi. Koma nkhani inayenda, ndipo za kubadwa zinadzalowa zokha pa tsamba lachitatu, m'mawu ochepa: ababa sadziwa tsiku limene anabadwa, ndipo akuti sizinawasowetsepo tulo.

Nditamaliza ndinapita nazo ku Boma, kwa mayi wina amene amatayipa pa kompyuta. Anatsegula, anaona mizere ndi mivi, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Akuti munali aphunzitsi?"

"Ndinapuma," ndinatero.

Anatayipa, anasindikiza timabuku tingapo, natimanga ndi chikuto cha pulasitiki. Ndisanatuluke n'komwe pakhomo ndinali nditapeza kale zolakwa zinayi, ndipo pena mbuzi inali italembedwa "mbudzi". Ndinaima pakhonde la shopuyo, mtima ukundiuza kuti ndibwerere. Kenako minibasi ya ku Thuchila inaimba hutala, ndipo ndinakwera.

Tinagwirizana kuti bukulo liwerengedwe pa Khirisimasi, banja lonse litasonkhana ku Limbuli. Kunabwera ana, adzukulu, apongozi ndi anansi. Kunabweranso azakhali, kamlongo ka ababa kaja kanali pambuyo pa ulendo wa maliro abodza, amene tsopano ndi gogo wamfupi wofwenkha fodya wa m'mphuno, ndipo amakhala kufupi ndi malire. Anawakhazika pamkeka pafupi ndi mpando wa ababa, pansi pa mtengo wa mango.

Ndinaimirira, ndinakonza pakhosi, ndinayamba. Anthu anaseka pa sipayi wovula chipewa. Adzukulu anaika mafoni pansi. Ababa ankagwedeza mutu, maso atatseka. Nditafika pamtsinje, ndinawerenga mokweza mmene ababa ananyamulira mbuzi pakhosi, madzi akuwalekeza m'chifuwa.

"Bodza," anatero azakhali.

Ndinaima.

"Mbuzi ananyamula ndi amayi. Achimwenewa ankaopa madzi. Anakhala pamwala n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, osati kwa maliro kuja. Amayi anawolotsa mbuzi, anabwerera kudzatenga ine, kenako anabwereranso kudzatenga iwowa."

"Iwe unali khanda!" anakuwa ababa. "Ukudziwa chiyani?"

"Ndinkayenda ndekha. Ndikukumbuka chifukwa munandiponda phazi pothawa nkhanu."

Bwalo lonse linaphulika. Achemwali anagwira m'mimba, akazi anga anabisa nkhope m'chitenje. Ababa anayang'ana kumbali, kuphiri.

Azakhali anandikodola. "Iwe, lemba zimenezo."

"Azakhali, buku lasindikizidwa kale."

"Kuseri kwa pepalako kulibe malo?"

Malo analipo. Ndinabwereka bolopeni kwa mlamu wanga, ndinatsamiritsa kabukuko pabondo, n'kuyamba kulemba zimene azakhali ankanena. Nawonso ankathamanga ngati mchimwene wawo. Kuseri kutadzaza ndinalowa m'mbali mwa tsamba, ndinakhota pakona, ndinakwera m'mwamba, mpaka mawu ena analowa pakati pa mizere yosindikiza.

Ababa anali atapinda manja nthawi yonseyo. Azakhali atamaliza n'kutsegula kabotolo kawo ka fodya, ababa anatsokomola pang'ono.

"Koma chingwe cha mbuziyo, kuchokera kumudzi mpaka kumtsinje, ndinagwira ndine."

Azakhali anaganiza kaye, fodya ali pachala.

"Chingwe munagwira, achimwene."

Ababa anatembenukira kwa ine.

"Lemba chingwecho."